Mamita a Lexon

Achimwene anga a Lexon ali ndi phewa limodzi lotsika. Mukawaona akubwera cha ku mlatho, mungaganize kuti akufunafuna chinthu chimene agwetsa kudzanja lamanja. Si matenda ayi, ndi chikwama. Anayamba kusenza zikwama za ndodo za gofu ndevu zisanamere, anadzasiya imvi zitafika kale m'makutu. Ine ndine mlongo wawo Bernadetta, ndimagulitsa nsapato za kaunjika mu msika wa Tsoka, ndipo nsapato zonse zimene anazithera pa kapinga wa anthu ena ndinkawasankhira ndine pa belo. Choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva m'minibasi.

Kwathu ndi ku Mitundu. Achimwene ndiwo anayamba kubwera m'tauni, ati kudzafuna ntchito ya m'sitolo ku Area 2, koma masitolo onse anali ndi anthu okwanira. Mnzawo wina anawatengera ku bwalo la gofu, nawauza kuti kumeneko kuli anthu amene amalipira munthu kuti azingowatsatira pambuyo. Achimwene anaseka, poyesa nthabwala. Moyo wawo wonse unathera m'nthabwala imeneyo.

Anthu a ntchito imeneyi amawatchula kuti makadi. Kadi amasenza chikwama, amayang'ana kumene kampira kagwera, amauza bwana mtunda umene watsala kuti afike pa dzenje, kenako amasolola ndodo yoyenera n'kumupatsa. Ndodozo zili ndi manambala, ndipo nambala ikachepa ndodoyo imaponya patali. Faifi imaposa seveni. Ine sindinagwirepo ndodo ya gofu, koma zimenezi ndinaziloweza ngati katekisimu, chifukwa achimwene analibe nkhani ina.

Makadi alipo a mitundu iwiri. Pali a pansi pa mtengo, amene amafika m'mamawa n'kukhala pafupi ndi geti kudikira aliyense amene angawakodole, ndipo masiku ena dzuwa limawalowera ali pomwepo. Ndiye pali amene ali ndi bwana wawowawo. Amenewa sathamangira galimoto, galimoto ndi imene imawaimira. Achimwene anali a bwana Chikaonda, moti ku bwaloko dzina la bambo athu palibe ankalidziwa. Ankangoti Lexon wa a Chikaonda. Ana awo anaphunzira ndi dzina limenelo, lendi ya ku Mchesi inkalipidwa ndi dzina limenelo, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene achimwene ankaopa padziko lapansi chinali kubwerera pansi pa mtengo.

Masiku awo anali a anthu ena. Loweruka ndi Lamlungu, ife tikupita ku maukwati ndi ku tchalitchi, iwo anali pa kapinga, mpaka akazi awo a Naphiri ankanena kuti anakwatiwa ndi mwamuna wa Lolemba. Koma ngakhale Lolembalo ankaliba, chifukwa ndi m'mawa umene makadi ankaloledwa kusewera okhaokha, ndi ndodo zotayidwa zomanga ndi mphira. Anzawo amati achimwene akanabadwira m'nyumba ya mpanda bwenzi ali ndi zikho pa kabati. Mwina n'zoona, kaya. Mawu a makadi amafunika kuchotserako, ndipo palibe bwana anadzukirapo Lolemba kuti akaone.

A Chikaonda anali munthu wamkulu ku Capital Hill, wa nyumba ya mpanda wa maluwa ku Area 11. Sindinganene kuti anali munthu woipa, ngakhale ndimalakalaka nditatero. Ankapereka malaya akale pa Khirisimasi. Amayi athu atamwalira anatumiza galimoto kuti inyamule bokosi mpaka ku Mitundu. Eniakewo sanabwere, koma achimwene nkhani ya galimotoyo amaikambabe ngati munthu anawapatsa impso. Pa zaka ankasiyana pang'ono, komabe wina anali "bwana, inu" ndipo wina anali "iwe Lexon" mpaka onse awiri anachita dazi. Ine zimenezi zinkandiwawa. Achimwene ankati vuto langa n'loti za gofu sindizidziwa.

Tsono makadi ali ndi lamulo lawo limene silinalembedwe pa bolodi lililonse la ku kalabu. Akuluakulu amene achimwene anawapeza kumeneko anawauza kuti bwana sakalamba pa bwalo. Akalambe kunyumba kwake, akalambe ku chipatala, koma pa kapinga ayi, chifukwa bwana amene wazindikira kuti mkono wafooka amakapachika chikwama m'galaja, ndipo kadi wake amagona ndi njala. Choncho kampira kakagwera m'tchire, phazi la kadi limakadzutsa pang'ono bwana asanafike. Bwana akaphonya, wolakwa ndi mphepo. Sindingawaseke kwambiri, poti ifenso pa benchi timauza mayi wa phazi ngati khasu kuti nsapato yamukhala. Ndi ulemu wa anthu osauka umenewo, ndipo olemera amaudya tsiku ndi tsiku osafunsa kuti waphikidwa bwanji.

Chaka china a Chikaonda anadwala kwambiri. BP inawagwetsa mu ofesi, ndipo anatha miyezi osaoneka. Pobwerera ku bwalo anali atapuma ntchito, ataonda, dzanja lamanzere likunjenjemera. Achimwene ankadziwa kuti bwana wawo amanyadira chinthu chimodzi, choti ndi seveni amaponya mamita 150 monga ankachitira ali mnyamata. Tsiku limenelo anaona mmene kampira koyamba kanaulukira mofooka, ndipo mtima unawagwa. Atafika pamene kanagwera, bwana anafunsa mwa masiku onse kuti kwatsala mamita angati. Achimwene anayang'ana dzanja lija, nayang'ana mbendera ya pa dzenje imene inali pa mamita 120 okha, nayankha kuti 150, bwana, nayi seveni. Kampira kanakagwera pafupi ndi mbendera. A Chikaonda anaseka koyamba chitulukire m'chipatala, nati matenda awalephera.

Kuyambira tsiku limenelo bwalo linayamba kukula m'kamwa mwa achimwene. Bwana akamafooka, manambala ankakwera. Pakatsala 150 enieni, iwo ankati 180 n'kupereka faifi, ndipo a Chikaonda ankagwedeza mutu kuti zoonadi, mtunda wotere umafuna faifi. M'mbali mwa bwalo muli timitengo tosonyeza mtunda, koma munthu wa kadi wake sawerenga timitengo, monganso munthu wa dalaivala sadziwa pokwerera minibasi. Zinayenda choncho zaka zambiri, ndipo aliyense ankagona tulo tabwino.

Chimene achimwene sanauze munthu, kupatula ine, n'chakuti nawonso ankakalamba. Maso anayamba kuchita nkhungu. Mbendera yakutali inkasungunuka, kampira kakauluka ankakataya m'mitambo n'kumakamvera ndi khutu kuti kagwera mbali iti. Anayamba kupereka ndodo yolakwika mwa apo ndi apo, ndipo a Chikaonda anayamba kung'ung'udza. Ndinawapezera magalasi pa benchi ya mnzanga, koma ankangovala kunyumba. Anati kadi wa magalasi ali ngati mlonda woyendera ndodo, palibe angamulembe ntchito.

Ndiye kunabwera katundu wa Cathy, mwana wa a Chikaonda amene amagwira ntchito kunja. Anatumizira bambo ake wotchi yodziwa mtunda, timabatani tomata kumapeto kwa ndodo iliyonse, ndi foni yaikulu yosonkhanitsa zonse: wamenya ndi ndodo iti, kampira kauluka mamita angati, kagwera pati. Zinthu zoterezi zinali zitayamba kale kuoneka ku bwaloko. Anyamata a m'maofesi a ku City Centre ankabwera ndi tingolo ta zikwama tokankha okha, wotchi pamkono, n'kudutsa pa mtengo paja osapereka ngakhale moni. Makadi ankazitukwana zipangizozo monga ife timatukwanira mvula ikagwa tsiku lotsegula belo.

A Chikaonda anatsegula bokosi, naona tizilembo, natoperatu. Anakankhira zonse kwa achimwene, nati azione iwo zimenezo, bola Cathy azilandira zotsatira Loweruka lililonse. Makadi anzawo anati Lexon wapatsidwa khasu lokumbira manda ake omwe. Achimwene anaona zina. Iwo anaona maso atsopano.

Anapita nazo kwa Mikaili, wokonza mafoni pa khonde la sitolo ina ku Area 2, munthu wofatsa amene amasiya kasitomala aliyense pa mzere ikakwana nthawi ya swala ku mzikiti. Mikaili za gofu sankazidziwa, achimwene ankangodziwa foni ya mabatani, ndiye anaphunzitsana. Akaweruka ankakakhala pa kabenchi kake, magalasi aja ali pamphuno, chala chawo chokhakhala chikulimbana ndi galasi la foni limene linkakana kuchimva. Mikaili anawakulitsira zilembo, anawaphunzitsa kutchaja wotchi, anawatsegulira mapu a bwalo lonse ooneka ngati wajambula ali pa ndege. Achimwene anafika pa benchi panga ali wefuwefu ndi chimwemwe, kudzandionetsa mtengo wa makadi uja, kadontho kobiriwira pafupi ndi geti. Anati zaka zonsezi sankadziwa kuti ndi waung'ono choncho.

Lolemba lotsatira anapita nayo wotchi ku bwalo kuti akaiyese. Ankaima pamalo, n'kunena mumtima mtunda umene maso awo akuona, kenako n'kusuzumira pamkono. Wotchi inawatsutsa pafupifupi paliponse. Poyamba anaikayikira, naiyesa pa timitengo tija, napeza kuti wolakwa ndi iwo. Anandiuza kuti anakhala pansi pa kapinga mutu uli m'manja, chifukwa chinthu chimene ankadzitama nacho moyo wawo wonse chinali chitatha kale iwo osadziwa. Atakhala pang'ono anadzuka, nasasa udzu, napitiriza. Ndikufuna mukumbukire zimenezi: wotchi ija inayambira pa iwo eni kunena zoona, ndipo sanafe nazo.

Miyezi yotsatira inali yabwino, ndisaname. Wotchi ankavala achimwene, foni inkakhala m'thumba la ovololo yawo, popeza bwana sankafuna zolemera pamkono. Akafunsidwa mtunda ankasuzumira pa wotchi, pamene manambala anali aakulu ngati a pa minibasi, n'kuwonjezerapo awo aja mumtima, n'kuyankha. Zopereka ndodo yolakwika zinatha. A Chikaonda anayamba kuuza anzawo kuti kadi wawo ndi wa dijito. Makadi amene ankawaseka aja anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzafunsa kuti batani ili ndi la chiyani, ndipo achimwene ankawaphunzitsa ulere. Ndinkawaona akuyenda ngati phewa lija lakwerako.

Vuto linali la Loweruka masewera akatha. A Chikaonda ankakhala pa khonde la kalabu ndi botolo lawo, n'kuitanitsa foni kuti aone zotsatira asanazitumize kwa Cathy. Ndipo foni ilibe mwambo. Loweruka loyamba lomwe, ali panjira yopita ku khondeko, achimwene anaona kuti yalemba poyera kuti seveni ya bwana imafika mamita 120. Ananama kuti batire latha, nathamangira kwa Mikaili.

Mikaili anawasonyeza kuti kadontho kalikonse pa mapu kamasuntha ukakakoka ndi chala, ati anakonza choncho kuti munthu aziwongola pamene makina alakwitsa. Anawachenjezanso kuti foni imakhulupirira chilichonse chimene waiuza, ndipo imasunga. Achimwene anamva mbali yoyamba yokha. Kwa iwo chinali chinthu chodziwika kale: kampira kakagona pamalo oipa, umakadzutsa. Kale ankachita ndi phazi, tsopano ndi chala. Loweruka lililonse ankaima kuseri kwa chimbudzi cha makadi n'kumakoka timadontho tonse kutipititsa patsogolo, mpaka seveni ifike pa 150 pake. Cathy ankayankha ndi timanja towomba, kuti adadi sakukalamba.

Ndinawafunsa ngati sakuopa. Anandiyankha kuti foni ija ndi yachilendo pa bwalo, ikungofunika kuiphunzitsa ulemu wa pamalopo.

Zinaululika pa tsiku la masewera amene kampani ina inakonza, a matenti ndi nyama yowotcha, m'kutentha kwa Okutobala. A Chikaonda anaikidwa gulu limodzi ndi anthu achinyamata, mmodzi wa iwo Fiskani wa ku banki ina ya ku City Centre, wa kangolo kokankha yekha ndi zipangizo thupi lonse. Sanali woipa mtima, koma anali wa mtundu uja wothandiza usanamupemphe. Anafika pa dzenje lina lalifupi limene kampira kamayenera kudumpha dziwe, ndipo panali anthu ambiri chifukwa kampani inaikapo mphoto ndi wojambula. Podikira kuti a patsogolo amalize, Fiskani anaona wotchi pamkono wa kadi. Anaseka, nauza a Chikaonda kuti wotchi yotere amavala ndi wosewera, ndiponso ukadina pambali imakuuza ndodo yoti utenge, chifukwa imadziwa mmene umamenyera. Anaivula yekha pamkono wa achimwene, naimanga pamkono wa bwana. Achimwene akuti pamalo pamene panali wotchipo panazizira.

A Chikaonda anadina. Wotchi inati mamita 150, zomwe zinali zoona. Inatinso seveni, zomwe zinali za achimwene.

"Bwana, faifi," anatero achimwene, atasolola kale ndodoyo.

"Wotchi ikuti seveni, Lexon. Apa ndi 150. Iwe umandiuza 180 masiku onse."

"Asuntha mbendera, bwana. Komabe tengani faifi, kuli mphepo."

Kunalibe mphepo. Mbendera inali lende ngati thaulo lonyowa.

A Chikaonda anamenya bwino kwambiri, achimwene amalumbira mpaka lero kuti kamenyedwe kake kanalibe chilema. Kampira kanakwera, kanatsika, kanalowa pakati penipeni pa dziwe. Anatenga kena. Kanagwera pomwepo, madzi asanaleke n'kugwedezeka komwe. Kachitatu anamenya ndi mkwiyo, ndipo kampira kanangogwera m'matope a tsidya lomwelino. Wojambula uja anatsitsa kamera.

Fiskani, pofuna kuthandizanso, anati mwina makina asokonekera, napempha foni. Achimwene anaitulutsa okha m'thumba. Akanatani? Iye anaiyendetsa ndi chala pang'ono, nakweza nsidze. Pa kadontho kalikonse panali kachizindikiro kosonyeza kuti kanasunthidwa ndi dzanja, miyezi yonse, ndodo zonse. Anadina penapake n'kubwezeretsa manambala enieni, nawawerenga mokweza asanaganize kuti akuwerenga chiyani. Ataona nkhope ya a Chikaonda anayesa kuzisandutsa nthabwala, nati foni ya madala ndi yoleredwa bwino, imadziwa kulemekeza akulu. Anthu anaseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza, kunali kuseka kwa anthu okhuta, koma kwa munthu amene akusekedwayo n'chimodzimodzi.

A Chikaonda sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Anaitana achimwene pambali, pafupi ndi bango la m'mphepete mwa dziwe.

"Unayamba liti?"

"Chaka chija munadwala, bwana."

"Foni kunalibe nthawi imeneyo."

"Kunalibe, bwana."

A Chikaonda anayang'ana dzanja lawo ngati ndi la munthu wina.

"Anzanga akalamba pang'onopang'ono, Lexon. Iwe wandisungira ukalamba wanga wonse, n'kudzandipatsa tsiku limodzi pamaso pa ana."

Anawauza kuti atsitse chikwama. Fiskani anachikweza pa kangolo kake pamodzi ndi chake, gulu linapitirira, ndipo achimwene anabwerera okha kudutsa bwalo lonse, dzuwa lili paliwombo, phewa lopanda kanthu. Anafika pa benchi panga ali ndi ovololo yoyera yomweyo. Sanalire. Anakhala pa katoni, nandifotokozera zonse bwinobwino ngati zachitikira munthu wina, kwinaku akumanga zingwe za nsapato ziwiriziwiri, ntchito imene sindinawapemphe.

Ine ndinalusa, ndipo ndikadali wolusa. Munthu wadya bodza zaka zonsezi n'kumanyambita zala, lero andiuze kuti sankadziwa chimene akudya? Timitengo tija tinali pomwepo. Anzawo a msinkhu wawo ankawaona ndi maso akusiya seveni n'kutenga faifi. Sanafunsepo, chifukwa yankho limene ankalandira ndi limene ankalifuna. Koma bodza la munthu wosauka likamakoma amati ndi ulemu, likaululika amati ndi chinyengo. Ndinanena zonsezi mokweza mpaka anzanga a mabenchi oyandikana anasiya makasitomala kudzaonerera. Achimwene anangondipempha kuti ndisatchule dzina la bwana pa msika.

Anapitako ku Area 11 kukapepesa, atanyamula nkhuku ya a Naphiri. Mlonda analandira nkhuku pa geti, nati bwana akupuma.

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti zipangizo zija zinagwira ntchito imene Cathy anazigulira. A Chikaonda sanapachike chikwama m'galaja monga ankanenera akuluakulu a makadi. Anakhala kunyumba milungu ingapo, kenako anabwerera ndi kangolo ka batire koyenda kokha, wotchi pamkono, ndipo pa dziwe paja amatenga faifi popanda wowauza. Makadi amene amagula nsapato kwa ine akuti akusewera bwino kuposa kale. Ndiye kuti lamulo lija, limene achimwene analisunga ngati lochokera kwa Mulungu, linali lopanda pake kuyambira pachiyambi. Munthu uja akanatha kumva zoona, n'kukhumudwa, n'kudzuka, n'kusasa udzu monga anachitira achimwene Lolemba lija. Kungoti palibe kadi anayesapo, ndipo palibenso bwana anapemphapo.

Achimwene anabwerera pansi pa mtengo. Galimoto ya a Chikaonda inkadutsa, galasi n'kutsika pang'ono, dzanja n'kukwera, basi. Mabwana ena ankawadziwa ndi nkhani ya foni ija, ndipo akafuna kadi wodziwa zipangizo ankakodola amene achimwene anawaphunzitsa ulere aja. Popanda wotchi nkhungu ya m'maso sinabisikenso. Mlendo wina amene anawatenga anataya timipira tambirimbiri tsiku limodzi, nakadandaula. Mvula isanathe anasiya kupitako. Tsopano amakhala ndi ine ku Tsoka, amatsuka nsapato ndi kuzipaka polishi, ndipo makasitomala amawakonda chifukwa palibe phazi limene iwo analionapo loipa.

Mwezi wathawu foni yawo ya mabatani inalira tili pa benchi. Anaimirira kuti ayankhe, munthu wa imvi kuimirira foni. Anali a Chikaonda, kuwaitana kunyumba Loweruka m'mawa. Lachisanu anachapa ovololo ija, anaisita, anakametetsa, ndipo anandipempha nsapato. Ndinawapatsa zabwino kwambiri pa belo lonse, za chikopa chofewa zoyendera mtunda wautali, ngakhale mtima unkandiuza kuti ndikuwononga katundu. Anakwera minibasi ya ku City Centre, kuchokera pamenepo wapansi mpaka ku Area 11.

Anabwera masana, ovololo ili yoyera mmene inapitira, yopanda ngakhale kaudzu. Cathy anali atatumiza foni yatsopano, ndipo timabatani tija tinafunika kulumikizidwanso, mtunda wa ndodo iliyonse kulowetsedwa ndi dzanja. Fiskani, amene tsopano ankawathandiza pa zipangizozo, anali kunja kwa dziko, dalaivala zinamukanika, ndiye wina anakumbukira kuti kuli munthu amene amazidziwa. Anawakhazika pa khonde la kuseri, nawapatsa tiyi m'kapu ya pulasitiki. A Chikaonda anatuluka atavala kale za gofu, atawerama kuposa kale, nafunsa za ana, natchula okha mitunda yeniyeni ya ndodo zawo, achimwene akulowetsa. Ntchito itatha anathokoza, nakweza kangolo kawo m'galimoto, napita ku bwalo. Achimwene ndiwo anawatsegulira geti.

Ndinawafunsa ngati ulendo uno analowetsa manambala monga anawauzira. Anayamba kaye kuvula nsapato zija, n'kumazipukuta kunsi ndi kansanza kuti ndithe kuzigulitsabe.

"Ndinalemba zomwezo," anatero. Kenako, osandiyang'ana: "Kupatula seveni. Anati 115. Ndinaikapo 120."

Ndinawafunsa kuti achitiranji zimenezo kwa munthu amene anawataya ngati katoni yonyowa, munthu amene sadzadziwa n'komwe kuti wina anamumvera chisoni, ndipo akadzadziwa adzawatcha wabodza kachiwiri.

"Achemwali, mukanawamva mmene anatchulira nambala imeneyo," anatero achimwene. "Munthu wamkulu uja sangatsike pa 120 ine ndili moyo."

Anamanga zingwe za nsapato zija pamodzi, naziika pa benchi, pamzere wa zogulitsa.